Kodi makoma ndi denga zimayezedwa bwanji kuti tidziwe mmene zimatchingira kutentha?

WakuNchalo:
Akuluakulu a pagulu lino, ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo. Chaka chatha ndinamaliza kumanga nyumba ya zipinda zitatu kuno ku Nchalo, ya njerwa zootcha ndi malata, koma siling'i sindinaike chifukwa ndalama zinathera pa mazenera ndi zitseko. Mwezi uno wa Okutobala m'nyumbamo simukhalika. Masana ana amathawira pansi pa mtengo wa mango, ndipo usiku timayala mphasa pakhonde mpaka cha m'ma 11 koloko, chifukwa khoma la kuchipinda ukaligwira limakhala lofunda ngati mbali ya mphika wongophulidwa kumene. Ndinapita kusitolo ina ya zomangira ku Blantyre ndipo anandionetsa zinthu ziwiri: pepala lonyezimira lija amati sisalation, ndi mpukutu wa ubweya wagalasi umene amautcha fibreglass. Pa chilichonse panalembedwa chilembo cha R ndi nambala, koma wogulitsayo sanathe kundifotokozera tanthauzo lake. Ndikufuna kudziwa mmene nambala imeneyi amaipezera, komanso ngati ndingathe kuyeza nyumba imene yaima kale kuti ndizindikire ngati vuto lili ku denga kapena ku makoma, ndisanawononge ndalama zina.

MmisiriWakale:
Achimwene, vuto lanu ndi denga, ndipo sipafunika chipangizo kuti munthu adziwe zimenezo. Ikani siling'i basi.

MphunzitsiWaSayansi:
A MmisiriWakale akhoza kukhala kuti alondola, koma funso limene lafunsidwa ndi loyenera kuyankhidwa bwino, chifukwa siling'i zilipo zosiyanasiyana ndipo si zonse zimene zimathandiza mofanana. Nambala ya R imasonyeza mphamvu imene chinthu chili nayo yotchinga kutentha kuti kusadutse, ndipo ikakula ndiye kuti chinthucho chimatchinga kwambiri. Imapezeka pogawa kuchindikala kwa chinthucho, m'mamita, ndi nambala ina yotchedwa lambda, imene imasonyeza mmene chinthucho chimadutsitsira kutentha. Njerwa yootcha ili ndi lambda ya pafupifupi 0.77, ngakhale kuti zimasiyana malinga ndi dothi ndi kawotchedwe. Khoma la mamilimita 230 ndiye kuti lili ndi R ya 0.23 kugawa ndi 0.77, zomwe zikutipatsa 0.30. Pamenepo timaonjezerapo kampweya kopyapyala kamene kamakhala kokangamira pakhoma mbali zonse ziwiri, kamene muyezo wa mayiko onse wotchedwa ISO 6946 umakawerengera 0.13 m'kati ndi 0.04 kunja, ndipo pulasitala ikawerengedwanso timafika pafupifupi 0.5.

Tsopano onani malata. Chitsulo chili ndi lambda ya pafupifupi 50, ndipo lata silikwana ngakhale theka la milimita imodzi kuchindikala kwake, choncho R yake ndi yochepa kwambiri moti timangoiwerengera ziro. Chimene chimatsala pakati pa dzuwa ndi mutu wa munthu ndi kampweya kaja basi. Ubweya wagalasi uli ndi lambda ya pafupifupi 0.04, kotero mpukutu wochindikala mamilimita 100 uli ndi R ya 2.5, pafupifupi kasanu kuposa khoma lonse la njerwa lija. Pali nambala inanso yotchedwa U, imene imapezeka pogawa 1 ndi R yonse. Iyoyo imatiuza mawati, muyezo wa mphamvu ya kutentha, amene amadutsa pa sikweya mita imodzi pa digiri iliyonse ya kusiyana kwa kutentha kwa m'kati ndi kunja. Khoma lanu lili ndi U ya pafupifupi 2.

WakuNchalo:
Zikomo aphunzitsi. Koma mawati amenewo ndiwaone bwanji m'chipinda changa? Chipindacho ndi cha mamita 4 mbali zonse.

MphunzitsiWaSayansi:
Tiyeni tiyerekeze kuti masana lata lafika madigiri 60 pamene mpweya wa m'chipinda uli pa madigiri 35. Kusiyana kwake ndi 25. Kutentha kukamatsika kuchokera kudenga, kampweya ka m'kati kamawerengedwa 0.17, choncho 25 kugawa ndi 0.17 ndi mawati pafupifupi 147 pa sikweya mita iliyonse. Chipinda chanu ndi cha masikweya mita 16, zomwe zikutanthauza mawati oposa 2,300, ofanana ndi ketulo yamagetsi imene yasiyidwa chiyakire pamwamba panu. Mukaika siling'i n'kuyala ubweya wa mamilimita 100 pamwamba pake, R yonse imafika pafupifupi 3, ndipo kuwerengera komweko kukutipatsa mawati pafupifupi 130 m'chipinda chonse. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kusiyana kwake n'kwakukulu kwambiri moti ngakhale titaphonya pang'ono, yankho silisintha.

WakuJoni:
Ndikufuna ndichenjeze a WakuNchalo pa nambala zolembedwa pa mipukutu, chifukwa ine ndagwira ntchito yofolera nyumba kuno ku Johannesburg kwa zaka zingapo ndipo ndaona anthu akusokonezeka nazo. Nambala ya R ili ndi miyezo iwiri. Ku America amawerengera ndi mafiti ndi madigiri a Fahrenheit, ndipo nambala yawo imakula pafupifupi ka 5.7 kuposa ya kuno. Mukaona pa intaneti kapena pa katundu wochokera kutali palembedwa R-13, musaganize kuti mwapeza chinthu chodabwitsa, chifukwa m'muyezo wathu ndi 2.3 chabe. Kuno ku South Africa lamulo la zomangamanga la SANS 10400-XA, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, linaika kuti denga la nyumba yatsopano m'dera la Johannesburg lifike R ya 3.7, ndipo n'chifukwa chake mipukutu ya mamilimita 135 ndi imene timayala kawirikawiri. Funsani wogulitsayo kuti nambala yake ndi ya muyezo uti, ndipo akalephera kuyankha, yezani nokha m'mamita kuchindikala kwa ubweyawo n'kugawa ndi 0.04.

MmisiriWakale:
Ine ndafolera nyumba zambiri ndi sisalation ndipo eni ake akuyamikira. Ndi yotsika mtengo kuposa ubweyawo, ndiponso siyabwa m'thupi poika. Nanga masamu anuwo akuti chiyani pa pepala lopyapyala ngati limenelo? Mukagawa kuchindikala kwake mupezanso ziro, komatu limagwira ntchito.

InjiniyaLL:
Funso la a MmisiriWakale ndi lofunika, ndipo ndi pamene anthu ambiri amanyengedwa. Pepala lonyezimira palokha lilibe R yoti n'kuwerenga. Ntchito yake ndi yosiyana ndi ya ubweya. Lata likatentha limawalitsira kutentha pansi monga mmene mbaula imafunditsira nkhope ya munthu amene wakhala patali osaikhudza. Nkhope yonyezimira ya aluminiyamu imabweza pafupifupi mbali 95 mwa 100 za kutentha kowala kotereku, ndiponso imatulutsa kochepa kwambiri kumbali inayo. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha ngati nkhope yonyezimirayo yayang'anana ndi mpata wa mpweya, wosachepera mamilimita 20 kapena 25. Likapanikizidwa pakati pa lata ndi thabwa kapena siling'i popanda mpata, kutentha kumangodutsa mokhudzana ngati kuti palibepo chilichonse. Choncho nambala ya R imene imalembedwa pa pepalalo si ya pepala lokha, koma ya denga lonse monga linayalidwira poyeza: malata, mpata, pepala, mpata wina ndi siling'i. Ngati denga lanu silinayalidwe chimodzimodzi, nambalayo si yanu. Komanso fumbi likaunjikana pankhope ya pamwamba, kunyezimira kumachepa ndipo mphamvu yake imatsika, ndipo tonse tikudziwa fumbi la m'chilimwe kwathu kuno. Pepalali limathandiza kwambiri pamene kutentha kukutsika kuchokera kudenga masana, koma usiku wozizira, pamene chifundizi chikuthawira kumwamba, thandizo lake ndi lochepa.

MmisiriWakale:
Za mpatazo ndikuvomereza. Ine ndimalilekerera kuti litsike pang'ono pakati pa matabwa, koma achinyamata ambiri amalikoka mpaka kugundana ndi lata.

MayiWakuDedza:
Bambo InjiniyaLL, mfundo yanu yomalizayo yandikhudza, chifukwa kwathu kuno vuto ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi. Nyumba yanga ndi ya malata ndipo m'mamawa madontho amagwa kuchokera kudenga ngati kuti kwagwa mvula, pamene nyumba ya udzu ya malemu agogo anga, yomwe inali ya zidina, tinkagonamo bwinobwino ndi bulangete limodzi. Kodi udzu nawo uli ndi nambala yake?

MphunzitsiWaSayansi:
Uli nayo, mayi, ndipo ndi yabwino. Udzu wouma wofoleredwa mothinana uli ndi lambda ya pakati pa 0.07 ndi 0.09, choncho denga lochindikala mamilimita 300 limakhala ndi R yoposa 3. Chinsinsi chake ndi chimodzimodzi ndi cha ubweya wagalasi: mpweya wotsekeredwa m'timipata ting'onoting'ono, umene sungathe kuyenda. Mpweya wosayenda uli ndi lambda ya 0.026 yokha, pamene madzi ali ndi 0.6, kuposa ka 20. N'chifukwa chake udzu wonyowa kapena ubweya umene wadonthedwa ndi mvula umataya mphamvu yake. Madontho amene mukuwaonawo ndi chinyezi cha mpweya wa m'nyumba chimene chimasanduka madzi chikakhudza lata lozizira, ndipo mukadzaika siling'i ndi ubweya muonetsetse kuti m'denga mukupita mphepo kuti chinyezicho chizituluka.

Kamtedza_88:
Komatu madenga a udzu a masiku ano sachindikala mamilimita 300. Tsekera akusowa, ndipo ambiri amangoyala pulasitiki n'kuwazapo udzu wochepa.

WakuNchalo:
Ndaphunzira zambiri, koma funso langa lachiwiri likadalipo. Manambala onsewa ndi a m'mabuku. Njerwa zanga zinaumbidwa kudambo ndipo zinaotchedwa mu uvuni wa nkhuni, zina zinapsa bwino, zina ayi. Kodi pali njira yoyezera khoma lenilenilo?

InjiniyaLL:
Ilipo, ndipo ndiifotokoza mwatsatanetsatane kuti muone chimene chimavuta. M'malo oyezera zinthu amadula chidutswa cha chinthucho n'kuchiika pakati pa mbale yotentha ndi mbale yozizira, n'kudikira mpaka kutentha kutakhazikika, kenako amawerenga mawati amene akudutsa. Umo ndi mmene lambda imapezekera. Pofuna kuyeza khoma lathunthu amamanga chigawo chake pakati pa zipinda ziwiri, china chofunda china chozizira. Koma pa nyumba imene yaima kale, muyezo wa ISO 9869 umagwiritsa ntchito kambale kopyapyala koyeza kutentha kodutsa, kamene kamamatidwa pakhoma m'kati mwa nyumba, pamodzi ndi tizipangizo toyeza madigiri m'kati ndi kunja. Zonsezi zimalemba manambala mosalekeza kwa maola osachepera 72, ndipo pa khoma lolemera la njerwa pamafunika sabata imodzi kapena ziwiri. Pomaliza amaphatikiza kutentha konse kumene kwadutsa n'kugawa ndi kusiyana konse kwa madigiri, ndipo yankho lake ndi U ya khomalo.

Chovuta chake kwa ife ndi ichi. Njirayi imafuna kuti m'kati ndi kunja musiyane ndi madigiri pafupifupi 10 kapena kuposa, ndiponso kuti kutentha kuziyenda mbali imodzi nthawi yonseyo. Kumayiko ozizira zimenezi n'zosavuta, chifukwa m'nyengo yachisanu m'nyumba mumafunditsidwa usana ndi usiku. Ku Nchalo mu Okutobala kutentha kumalowa m'khoma masana ndipo kumatuluka usiku, kwina kubwerera panja, kwina kulowa m'chipinda, moti mukaphatikiza manambalawo mumapeza zinthu zosadalirika. Khoma loyezedwalo siliyeneranso kuombedwa ndi dzuwa. Munthu wofuna kuyeza kwathu kuno asankhe Juni kapena Julayi, pamene dzuwa limadutsa chakumpoto, ayeze khoma la kum'mwera, ndipo chipindacho achifunditse ndi hita yamagetsi masiku onsewo. Mbaula ya makala asaigwiritse ntchito m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake umapha.

MayiWakuLeeds:
Ndikuthirira umboni pa zimene a InjiniyaLL anena, kuti buku ndi khoma lenileni zimasiyana. Kuno ku England pafupifupi nyumba iliyonse imene ikugulitsidwa kapena kubwereketsedwa imayenera kukhala ndi chikalata chotchedwa EPC, chosonyeza mmene imasungira chifundizi. Kwa nthawi yaitali owerengera ankaika U ya 2.1 pa makoma akale a njerwa zokhazokha, koma atayeza nyumba zambiri ndi timbale timene mwatchulato anapeza kuti makomawo amatchinga bwinoko kuposa mmene ankaganizira, ndipo nambalayo inatsitsidwa kufika pa 1.7. Nyumba imene ndikukhala ndi ya mtundu umenewo. Nditakwera m'denga ndinapeza ubweya wakale umene unaphwatalala chifukwa cha makatoni amene anaunjikidwapo, pamene kuno amalangiza kuti ukhale wochindikala mamilimita 270. Ubweya ukapanikizika mpweya umatuluka, ndipo nambala ya pa mpukutu siigwiranso ntchito.

Kamtedza_88:
Zipangizo zimenezo ndani angazipeze ku Chikwawa? Ine ndili ndi kachipangizo kaja koloza ngati mfuti, kamene kamayeza kutentha kwa chinthu osachikhudza. Ndinaloza malata atsopano masana ndipo kanawerenga madigiri ochepa kuposa khoma, chonsecho lata linali losagwirika. Kodi n'kowonongeka?

InjiniyaLL:
Sikowonongeka ayi. Kachipangizo kameneko kamayeza kutentha kowala kumene chinthu chikutulutsa, ndipo kambiri kamabwera katakonzedwa kuti kaziyeza zinthu zosanyezimira monga njerwa, thabwa ndi pulasitala. Chitsulo chonyezimira chimatulutsa kochepa, ndiponso chimakhala ngati galasi loonera, moti kachipangizoko kamawerenga zinthu zina zimene zikuonekera m'latamo. Matani kachidutswa ka tepi yakuda ya amagetsi palatapo, dikirani mphindi zingapo kuti katenthe mofanana ndi lata, kenako lozani pa tepiyo muli pafupi. Onetsetsaninso kuti si kaja koyezera malungo pamphumi, chifukwa ikako kanapangidwira kutentha kwa thupi la munthu.

MphunzitsiWaSayansi:
Ndi kachipangizo komweko, pamodzi ndi china choyezera kutentha kwa mpweya, munthu akhoza kuyerekeza U ya khoma. Yezani mpweya wa m'chipinda, nkhope ya khoma m'kati, ndi mpweya wa panja, m'bandakucha dzuwa lisanatuluke. Ngati mpweya wa m'kati uli pa 20, khoma pa 18, panja pa 10, ndiye kuti madigiri 2 kugawa ndi 0.13 akutipatsa mawati pafupifupi 15 pa sikweya mita, ndipo 15 kugawa ndi 10 ndi U ya 1.5.

InjiniyaLL:
Aphunzitsi, pamenepo sindikugwirizana nanu. Masamuwo ndi olondola, koma onani kuti zonse zatsamira pa madigiri 2 aja. Tizipangizo totsika mtengo timaphonya ndi digiri imodzi kapena iwiri, ndipo kuphonya ndi theka la digiri lokha kumasintha yankho ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuwonjezera apo, m'bandakucha khoma la njerwa limakhala likadatulutsa kutentha kwa dzulo, choncho nkhope yake imaoneka yofunda ndipo munthu angaganize kuti khomalo limatchinga bwino pamene silitero. Kachipangizoko n'kabwino pofananiza malo: denga ndi khoma, khoma la kumadzulo ndi la kum'mawa, pa njerwa ndi pa konkire ya pamwamba pa zenera. Pofuna nambala ya U sindingakadalire.

MphunzitsiWaSayansi:
Ndavomera kuti si muyezo woti n'kulemba m'lipoti. Ndimauphunzitsa chifukwa umathandiza wophunzira kuona kuti khoma lozizira m'kati ndi chizindikiro chakuti chifundizi chikuthawa.

AchemwaliAkuSalima:
Pepani kuti ndalowa mochedwa, koma pali chinthu chimene a WakuNchalo ananena poyamba chimene sichinayankhidwe mokwanira. Iwo anati khoma limakhala lofunda usiku. Malata amazizira msanga dzuwa likangolowa, choncho chimene chimawasowetsa tulo cha m'ma 10 koloko usiku si denga ayi. Kwathu ku Salima chipinda changa chinayang'ana kumadzulo ndipo zinali chimodzimodzi, kufikira pamene tinatalikitsa khonde mbali imeneyo ndi kubzala mitengo iwiri. Siling'i inalipo kale koma sinathetse vutolo.

InjiniyaLL:
Achemwali, mwakhudza malire a nambala ya R. Iyoyo imangotiuza za kutentha kodutsa zinthu zikakhazikika, koma siitiuza za kutentha kumene khoma limasunga. Khoma la njerwa la mamilimita 230 limachedwetsa kutentha ndi maola pafupifupi 6 mpaka 8, choncho dzuwa limene laomba khoma la kumadzulo cha m'ma 3 koloko masana limamvekera m'chipinda nthawi yogona. Ku Dedza kuchedwa kumeneku ndi dalitso, chifukwa khoma limafunditsa nyumba usiku wozizira, koma kuchigwa cha Shire, kumene usiku suzizira mokwanira, ndi mtolo. Komabe denga lili ndi mbali yake, chifukwa tsiku lonse malata amawalitsira kutentha pa makoma a m'kati ndi pansi pa simenti, ndipo zimenezi zimasunga kutenthako n'kumakutulutsa usiku. Mtundu wa kunja nawo ndi wofunika. Dzuwa la masana limabweretsa mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita. Lata la dzimbiri kapena lopakidwa utoto wakuda limamwa mbali yaikulu ya kutenthako, pamene lopakidwa utoto woyera limabweza yambiri. Utoto susintha R ngakhale pang'ono, koma umatsitsa madigiri a lata, ndiye kuti nambala imene aphunzitsi anagawa ndi 0.17 ija imachepa.

MmisiriWakale:
Mukaika siling'i mutseke mipata ya m'mbali ndi waya wa sefa. Mphepo izilowa koma mileme isalowe, chifukwa ikakhazikika m'denga ubweyawo umanyowa ndi ndowe ndipo fungo lake silitha. Komanso ubweya muuyale mothinana ndi matabwa, osasiya mipata, ndipo woyalayo avale magolovesi ndi chophimba kumphuno.

WakuJoni:
Za mipatazo n'zoona. Ndi kamera yoona kutentha timapeza kuti pamene mpukutu sunakumane ndi unzake siling'i imaoneka yofiira ngati mzere wa moto, ndipo malo ochepa osayalidwa amatsitsa R ya denga lonse kuposa mmene munthu angaganizire, chifukwa kutentha kumathamangira kumene njira ili yosavuta. Chitseko cholowera m'denga nachonso amachiiwala kawirikawiri.

WakuNchalo:
Ndabweranso patapita masiku atatu. Ndinabwereka kachipangizo koloza kaja kwa mnzanga wokonza mafiriji, ndinamata tepi yakuda pansi pa lata monga a InjiniyaLL analangizira, ndipo ndinkayeza katatu pa tsiku n'kumalemba m'kope la mwana wanga. Cha m'ma 1 koloko masana lata linkapitirira madigiri 60 masiku onse atatu, pamene makoma m'kati anali asanafike 40. Cha m'ma 9 koloko usiku lata linali litazizira kuposa chilichonse m'nyumbamo, koma khoma la kumadzulo linali lofunda ndi madigiri 3 kapena 4 kuposa la kum'mawa, ndipo malo otentha kwambiri anali pa konkire ya pamwamba pa zenera. Choncho a MmisiriWakale ndi achemwali a ku Salima onse analondola, wina za masana, wina za usiku. Ndaganiza zoyamba ndi siling'i ndi ubweya wa mamilimita 100 m'zipinda ziwiri zogona, ndipo kumadzulo ndimanga kashedi ka bango kuti katchinge dzuwa mpaka mitengo itakula. Kopelo ndilisunga kuti ndidzayezenso malo omwewo, maola omwewo, ntchito ikadzatha.

InjiniyaLL:
Podzayezanso mudzalembe madigiri a panja pamthunzi nthawi iliyonse, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala kunja kudzazizira ndipo mungadzayamikire siling'i pa ntchito imene yagwiridwa ndi mitambo. Chimene mudzafananize ndi kusiyana kwa m'kati ndi panja, ndipo nthawi imeneyo tepi mudzaimate pansi pa siling'i, pakati pa chipinda ndi m'mbali mwa khoma.

MayiWakuDedza:
Bambo WakuNchalo, mukadzapeza manambalawo mudzatiuze kuno, pamodzi ndi kuchuluka kwa mipukutu imene inalowa pa chipinda cha mamita 4. Ine ndikufuna kuchita chimodzimodzi chisanu cha chaka chamawa chisanafike, ndipo ndiyamba kulemba madigiri a m'chipinda mwanga m'mamawa uliwonse kuyambira mu Meyi.